Makina a Khofi a Bambo Ako

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino, iwe, mkamwini wanga ndi ana. Kodi chifuwa cha wamng'onoyo chinatha? Ine ndilipo. Bondo limauma m'mawa koma ndikayendayenda limamasuka. Ndikudya, ndikugona, mankhwala ndikumwa pa nthawi yake. Mafunso ako atatu a pa foni aja ndayankhiratu.

Ndasankha pepala chifukwa pa foni umandidula mawu. Sindikudandaula, unabadwa choncho. Paja bambo ako anayamba kukutcha Aloya usanalowe n'komwe sukulu.

Ukukumbukira bokosi lalikulu lija linali kuseri kwa chitseko cha pabalaza nthawi ya maliro, limene alendo ankaikapo zikwama zawo? Ndalitsegula. Munali makina opangira khofi, uja amati esipuleso, pamodzi ndi kachigayo kake koperera njere. Bambo ako anaitanitsa kutatsala mwezi kuti agonekedwe m'chipatala. Zaka makumi atatu ndi zinayi anamwa khofi wa m'chitini mosadandaula, kenako atapuma pa ntchito anawerenga kwinakwake kuti ameneyo si khofi.

Bokosilo linakhala pomwepo masabata asanu. Ndinkasesa molizungulira. Tsiku lina ndinapunthwapo chala, basi ndinatenga mpeni n'kudula tepi.

Ukundidziwa ine, zaka zonse zija ku laibulale sizinapite pachabe. Ndinayamba ndawerenga kabuku ka malangizo kuyambira chikuto mpaka chikuto, ngakhale masamba ochenjeza kuti usaviike makinawo m'madzi. Kabukuko kamalankhula molimba mtima kwambiri. Akuti pera njere, thira m'kasefa ka chogwirira, tsindira, manga chogwiriracho ku makina, dina batani. Wolembayo ayenera kuti sanakhalepo yekha m'khitchini ndi chinthu chimene chikumulira.

Khofi woyamba anatuluka ngati madzi a pampopi, wotumbuluka, wowawasa ngati ndimu. Ndinapotokola kachigayo kuti kazipera mosalala. Ulendo uno makina anabuula, n'kudontha madontho asanu ndi awiri akuda bii. Ndinawawerenga. Tsiku lachitatu sindinamange bwino chogwirira, ndipo khofi anathovokera pa khoma, pa kalendala, mpaka pa magalasi anga. Theka la paketi ya njere linathera mu sinki.

Tsopano pano werenga modekha. Amene wandiphunzitsa makinawa ndi mlongo wako.

Ndinamuimbira ndine. Anabwera m'mawa asanapite ku ntchito, atavala kale ovolosi yake ya zamagetsi. Anayang'ana khoma lija n'kufunsa ngati khofiyo ndimamwa kapena ndimapentera nyumba. Kenako anayamba kutembenuza kachigayo m'manja monga ankachitira ndi wailesi ya bambo ako ali mwana, nthawi ija anaiphwasula yonse n'kupatsidwa dzina loti Injiniya.

Akuti vuto si makina, ndi ine: ndimasintha zinthu zitatu nthawi imodzi kenako n'kumadabwa. Akuti sinthani chimodzi, lawani, mawa musinthe china. Anabwera ndi kasikelo kuti tiziyeza ufa wa khofi, ndipo amawerenga masekondi pa wotchi pamene khofi akutsika. Akapitirira pang'ono makumi awiri ndi asanu, ndiye kuti zayenda. Pa kutsindira anandiuza kuti, mayi, si mphemvu imeneyo, musachite kuipha. Kachigayo tinapeza kuti kamapera bwino pa nambala naini, ndipo anaikapo kadontho ka penti kuti ndisasocherenso. Wandichenjeza kuti tikagula njere zina nambalayo idzasuntha, tidzayambanso kufufuza. Ndinati palibe kanthu, nthawi ndili nayo.

Chogwirira chija chili ndi timilomo tiwiri, choncho makinawa amadzaza makapu awiri nthawi imodzi. Ndi mmene anapangidwira. Kuyambira tsiku limenelo mlongo wako amadutsa m'mawa uliwonse, timamwa chiimirire pafupi ndi zenera, amatsuka kasefa, amapita. Sitilankhula zambiri.

Ndikudziwa zimene unanena pa tsiku la maliro, kuti ulibe mlongo, ndiponso zimene wabwereza sabata yatha, kuti ukabwera mwezi wamawa kudzandithandiza kulongedza mabuku ndi zovala za bambo ako, sulowa m'nyumba muno iye akakhalamo. Unamva kwa azakhali ako kuti bambo ako akutsirizika, iye anali ku sitolo kukagula zinthu. Azakhali ako sananame. Koma sanadziwe amene anamutuma.

Ndinamutuma ndine.

M'mawa wa tsiku limenelo a ku sitolo anaimba pa foni ya bambo ako, imene inali ndi ine, kunena kuti katundu wafika. Bambo ako anamva. Anatsegula maso n'kunena kuti Injiniya akatenge, iwo akatuluka Lachisanu akapeze makinawo ali pa tebulo. Mlongo wako anakana. Anati kapumidwe ka bambo sikakumusangalatsa, bokosi silithawa, akatenga mawa. Ine ndinaumirira. Ndinati bambo ako apempha kanthu kamodzi kokha, iwe ukuwerengera mtunda?

Ndakhala ndikudziuza kuti ndinachitira bambo ako. Mbali ina ndi zoona. Koma mbali ina ndi yakuti mlongo wako anali atazungulira m'chipindamo masiku anayi, kufunsa anamwino funso lomwelomwelo, kukonza pilo amene anali wokonzedwa kale, ndipo ndinatopa naye. Ndinkafuna ola limodzi lachete. Ndinalipeza.

Anabwerera nthawi itangopitirira leveni koloko. Anakwera masitepe onse a chipatala bokosi lili pa phewa, poti ankafuna bambo ako alione ndi maso. Anapeza anamwino atatseka kale makatani, bambo ako atatisiya. Anatsitsa bokosilo pansi bwinobwino, monga muja alembera pa katoni kuti mbali iyi ikhale m'mwamba, n'kukhala pambali pake.

Pamene unkamukalipira pakhonde paja tsiku la maliro, anthu onse akumva, ine ndinali pa mpando kuseri kwa zenera. Ndinamva mawu aliwonse. Ndikanangodzuka n'kunena mawu awiri. Sindinadzuke. Ndinaopa kuti nkhope imene unamuyang'ana nayo uitembenuzira kwa ine, ndipo tsiku limenelo ndinalibe mphamvu zoilandira. Mawa lake zinali zovutirapo kunena, mkuja kuposa apo. Ndawerenga mabuku ambiri onena za anthu amene anakhala chete pa nthawi yolakwika, ndipo ndinkawaweruza msanga ndithu.

Lachiwiri lapitali, tikudikira kuti makina atenthe, ndinamuuza kuti ndikulembera. Anati ndisatero. Akuti Aloya akufunika munthu womukwiyira kuti apirire, ndipo bola akhale iye kusiyana ndi ine, poti iye anazolowera kuluza milandu kwa iwe kuyambira pa nkhani ya njinga ija munkalimbirana muli ana. Ananena akuseka, maso ali pa wotchi. Khofi wa tsiku limenelo anapitirira masekondi makumi anayi iye osadina batani. Tinamwa choncho, wowawa.

Sindikumumvera. Wasenza bokosi langa mokwanira.

Sindikupempha kuti undikhululukire msanga. Ngati ukufuna kukwiya, adiresi yoyenera ndi ino, ndipo tsopano ndikhoza kupirira. Ukhoza kundiimbira n'kunena zonse, sindikudula mawu. Chimene ndikupempha n'chimodzi: akakuimbira Lamlungu, monga amachitira Lamlungu lililonse, uyankhe. Ngakhale ungoti wamva. Amaimba ali m'galimoto panja pa geti yanga, amaganiza kuti sindimuona.

Ndipo mwezi wamawa ubwere, ulowe. Mabuku a bambo ako ndi ambiri, ena ali pamwamba poti ine ndi iwe sitingafikire.

Ndikuuze chinsinsi china chaching'ono. Khofi ameneyu sindinamukonde mpaka lero. Ndaphunzira kumupanga bwino, amatuluka ndi thovu lofiirira pamwamba ngati pa chithunzi cha m'kabuku, koma lilime langa ndi la tiyi. Ndimamwa kuti kapu yachiwiri ikhale ndi mnzake. Ukabwera ndidzapera, ndidzatsindira, ndidzaika makapu awiri pansi pa timilomo tija, kenako ndidzadzithirira tiyi wanga n'kukakhala pakhonde. Imodzi idzakhala yako, wina adzayenera kumwa kapu inayo isanazizire.

Undiperekere moni kwa mkamwini wanga, umuuze kuti buku lija anandibwereka ndalimaliza ndipo mathero ake sindikugwirizana nawo. Ana uwapsompsone, wamkuluyo umuuze kuti agogo akudikirabe kalata imene analonjeza. Mulungu akusungeni nonse, akupatse tulo tabwino ndi mtima wofewa pa Lamlungu.

Ndine,
Mayi ako