Alamu Anandisaukitsa Papepala, Pano Maso Anga Ali Pangozi

Aphungu,

Ndine telala kuno ku Hialeah, m'chigawo cha Florida, ndipo ndimasokera pakhomo. Madiresi a atsikana ochita phwando lokondwerera kukwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndiwo amandidyetsa. Popeza ndilibe bwana, inshulansi ya kuchipatala ndimadzigulira ndekha, boma n'kumandilipirira gawo lalikulu ngati ndalama yondichotsera pamsonkho. Zaka zonsezi zinkayenda bwino.

Tsono maso anga onse awiri achita ng'ala. Ulusi woyera pansalu yoyera sindiuonanso, ndimachita kufufuza ndi chala. Mwezi watha ndinasokera mikanda yagolide mbali imodzi ya diresi, yasiliva mbali inayo. Mayi wa mwini diresiyo atachoka ndinalira. Adokotala akuti andichite opaleshoni mu Febuluwale.

Vuto linayamba pamene alamu anga a Reinier, amuna a mng'ono wanga Odalys, anadzipereka kundilembera za msonkho. Iwo amayendetsa lole, koma chionereni mavidiyo apafoni amadzitenga ngati katswiri. Anati, "Alamu, inu mumakhoma msonkho ngati muli ndi fakitale! Kuno wochenjera amaoneka wosauka. Mukasauka, boma limakunyamulani kumsana." Ndalama zimene makasitomala amandipatsa pamanja sanazilembe. Pa zimene ndinawononga pantchito anaikapo petulo wa ulendo wokaona azakhali ku Tampa, lendi ya nyumba yonse, mpaka chakudya cha galu, ati ndi mlonda wa shopu. Tinaseka, ine n'kusaina, n'kuwawotchera nyama ya nkhumba kuwathokoza.

Sabata yatha ndinapita kukalembetsanso inshulansi ya chaka chamawa. Mayi wothandiza anthu kulembetsa anayang'ana pakompyuta n'kunena kuti, "Mayi, malinga ndi msonkho wanu, zimene mumapeza zachepa mopitirira. Thandizoli lili ndi malire apansi, ndipo inu mwagwera kunsi kwake. Pokhapokha mutasonyeza kuti mumapeza zoposa apa." Ndinafunsa kuti, "Ndiye kuti ndasaukitsa moti sangandithandize?" Anavomera ndi mutu. Ndekha inshulansiyo sindingaikwanitse, opaleshoniyo ndiye osanena.

Nditamuuza Odalys anandilusira. "Asisi, mukakakonza mapepalawo ndiye kuti mwawaulula a Reinier. Alembera theka la anthu a mumsewu uno! Mukufuna ana anga azidya ulusi?" A Reinier nawo amvekere, "Dikirani chaka chimodzi, alamu, maso sathawa."

Aphungu, Odalys ndi amene anandilandira nditangofika m'dziko muno, ndinagona pasofa pake mpaka ndinaima pandekha. Sindikufuna kumupasulira banja. Koma ndikuopa kuti chaka chikamatha ndidzakhala nditasiya makina. Ndichite chiyani?

Y.Q., Hialeah

Mayi Y.Q.,

Pepani kwambiri. Telala amene sakuona ulusi mtima wake sungakhale m'malo, ndipo kulira kwanu ndakumva. Koma pukutani misozi, nkhaniyi ndi yokonzeka.

Alamu anuwo anasokoneza zinthu ziwiri. Thandizo lolipirira inshulansi linapangidwira anthu opeza zochepa, osati ooneka ngati sapeza kanthu. Kuno ku Florida, munthu wamkulu wopanda ana aang'ono akagwera kunsi kwa malirewo amakhala pakati: thandizo ili silimufika, la anthu osaukitsitsa nalonso kawirikawiri silimulandira. Nzeru za "oneka wosauka" zagwetsera ambiri m'dzenje limeneli, si inu nokha ayi.

Chokomera inu n'chakuti polembetsa amafunsa zimene mukuyembekeza kupeza chaka chikubwerachi, osati zimene alamu analota chaka chatha. Bwererani kwa mayi wothandiza kulembetsa uja sabata ino. Tengani chilichonse chosonyeza ntchito yanu: malisiti, zimene zinalowa kubanki, zolipidwa pafoni, mauthenga a makasitomala oitanitsa madiresi. Muwerengere limodzi zimene mumapezadi mukachotsa nsalu, mikanda, ulusi ndi kukonzetsa makina. Galuyo mumusiye, alibe mlandu. Mufunsenso tsiku lotsekera kulembetsa, chifukwa likadutsa khomo limavuta kutsegulanso. Posankha inshulansi muonetsetse kuti adokotala anu a maso amailandira, kuopa kudzabwezedwa pakhomo pa chipatala mu Febuluwale.

Kenaka msonkho wa chaka chatha ukonzedwe. Lamulo limalola munthu kutumiza mapepala okonza zimene analemba molakwika. Pitani kwa anthu othandiza za msonkho mwaulere, amene amapezeka m'malaibulale ndi m'mabungwe ena, kapena kwa wolemba misonkho wovomerezeka amene amasainapo dzina lake. Sindikunamizani, mudzalipirapo kanthu, mwina ndi kachindapusa, koma mukhoza kupempha kumalipira pang'onopang'ono. Ndiponso zimene mumalemba moona ndi zomwe zimawerengedwa pa penshoni yanu ya ukalamba. Alamu pokuchepetserani msonkho anakuchepetseraninso imeneyo.

Za Odalys, mantha ake ndi enieni, musamunyoze. Koma mumuuze modekha kuti simukukaneneza munthu. Pepalalo munasaina ndinu, ndipo mukukonza zanu. Sindingalumbire kuti a Reinier sadzafunsidwa kanthu, koma chowaika pangozi ndi kupitiriza kulembera anthu zabodza, osati inu kunena zoona. Ngati amawakonda anawo, asiye ukatswiri wapafoniwu, ndipo auze ena aja kuti akaonetse mapepala awo kwa odziwa. Odalys anakusungani pasofa, inde, ndipo muzimuthokoza mpaka kale. Koma zikomo wake sangakhale maso anu.

Chenjezo langa ndi ili. Alamu akamva kuti vuto ndi kuchepa kwa ndalama, abwera ndi nzeru yatsopano yoti akulemeretseni papepala. Musalole. Lembani zoona zokhazokha, bizinesi ikakwera kapena kutsika pakati pa chaka mukanene msanga, ndipo chaka chilichonse muzilembetsa msonkho, poti m'pamene boma limayerekezera thandizo limene munalandira ndi zimene munapezadi. Mukalandira mopitirira, mudzabweza.

Opaleshoniyo musaisunthe kuti musangalatse munthu. Odalys akwiya, mwina asiya kukuyankhani foni kwa kanthawi. Koma tsiku lina adzabwera, ndipo ine ndikufuna mudzamuone nkhope bwinobwino akulowa pakhomo panu.

Aphungu