Chithunzi cha kusikani

Okondedwa azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino, ndipo bondo lija lasiya kuvuta. Ife kuno tilipo.

Lachitatu ndinapita kusikani. Adokotala anandionetsa pakanema kuti khoma la chiberekero changa lakhuthala, chifukwa kanyama koyenera kukhala mkati kamerera mumnofu. Akuti ndi adenomayosisi. Azakhali, ndinaseka! Zaka zonsezi ndinkadzikayikira, ndimvekere mwina akazi onse amamva kuwawa chonchi kumwezi, wolira ndine ndekha.

Ndinatuluka ndikumwetulira, chithunzi chili m'manja. Mayi wina woyembekezera pabenchi anati, "Eee asisi, wamwamuna kapena wamkazi?" Ndinati sizinaoneke bwino. "Ndiye wamkazi ameneyo," anatero, "amanyazi!" Tinaseka tonse.

Sabata yamawa adzatapa kanyama ndi singano kuti akapime, atsimikize asanakambe za opaleshoni. Anatchula njira ziwiri. Apongozi anu, amuna angawa, ndawauza yoyamba yokha, yochotsa pamene pakhuthalapo. Yachiwiriyo, yochotsa chiberekero chonse, ndikusowabe poyambira.

Tizovala ta khanda munati mwayamba kuluka tija, musadzipweteke nato maso. Lukani pang'onopang'ono.

Ndine mwana wa mchimwene wanu, wosalankhulalankhula uja.