Njuchi za M'mphako ya Mango

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Ndine Rozalina, mwana wanu wachisamba. Kuno ku Milange tilipo. Ino ndi mvula yachiwiri chichokereni inu, ndipo yagwa bwino. Mlongo wanga Zuze akuti chimanga cha ku Majaua chamasula, nyemba nazo sizinakane. Ine ndikupitabe ku malire, kuwolotsa nyemba ku Muloza ndi kubwerako madzulo, monga munandisiyira.

Mkazi wa Zuze anachira mwezi wathawu, mwana wamkazi. Amutcha Madalena, dzina lanu. Atandipatsa kuti ndimunyamule, anthu onse ankandiyang'ana kumaso kudikira misozi. Ndinaona kuti makutu ndi anu ndithu, ndinamubwezera kwa mayi ake. Chikuikireni m'manda sindinalirepo, Amayi. Ndimadya, ndimagona, kutchalitchi ndimayimba nawo, koma mtima unachita dzanzi ngati mwendo woukhalira nthawi yaitali.

Chimene ndakulemberani ndi maungu anu, aja a khosi lalitali, ouma m'kati ngati mbatata, amene munabwera nawo kuchokera kwa amayi anu pokwatiwa. Mbewu yake yatsala pang'ono kutha, ndipo wolakwa ndine. Kumanda ndalephera kunena, ndiye ndilembe.

Tsiku la maliro anu kunabwera anthu ambiri, bwalo linachepa. Mukukumbukira katchire kanu ka kuseri kwa nyumba, kamene munkaletsa kupalira? Munali chisoso, denje ndi chitsamba chija chotuluka utomoni woyera ngati mkaka. A Jasinta oyandikana nafe ankakatcha munda wa ulesi, inu nkumangoseka. Ndinauza azibambo kuti akalambule, anthu apeze pokhala. Kenako utsi wa pophikira unakwiyitsa njuchi za m'mphako ya mango, zinaluma mayi wina wa kwaya. Anthu anabwera kudzafunsa ine, poti wamkulu ndine. Ndinangoti, “Ziotcheni.” Zuze anatenga udzu ndi parafini, ndipo pasanathe nthawi zinali mbwee pansi. Sindinamve kanthu. Ndinapita kukaona ngati mbale zakwanira.

Tsiku lomwelo azimayi ophika anapeza nthanga za maungu anu m'lichero, anazikazinga nkusinja, anatendera ndiwo. Palibe anawauza kuti ndi mbewu. Zinapulumuka ndi zochepa zija munazisunga m'botolo la phulusa pamwamba pa khoma.

Chaka chatha ndinadzala theka lake. Zinayanga bwino, nkhwani tinadya mpaka kukoledwa, maluwa mbwee. Koma kadzungu kakangotuluka kankachita chikasu nkugwa. Sindinakolole ngakhale limodzi. Ena ankati mwini wake wakwiya, wapita nawo maungu ake. Ine ndinkangoti kaya. Ndipo m'mawa uliwonse, ndisanathamangire minibasi ya ku malire, ndinkathyola chiluwe chonse cha ndiwo mame asanakamuke. Inu paja munkati, “Chiluwe sathyola m'mamawa, Roza. Njuchi ndi mlendo, ayambe wadya.” Ndinkayesa ndi malamulo aja ongoopsezera ana, ngati loti usakhale pa mtondo.

Tsono imvani zimene zachitika m'tauni muno, mwina museka. Mvula isanayambe, a sekeretariyo a bairo, akuluakulu a dera lathu lino, anaitanitsa msonkhano, kunabwera mayi wina wa zaulimi wotumidwa ndi a munisipiyo, oyang'anira tauni yathu. Anati tauni ikamakula, pakhomo paliponse kusesa mpaka dothi kuwala, njuchi ndi agulugufe zimasowa chakudya nkuthawa, ndipo zikathawa maungu, nkhaka ndi mapapaya sizibereka bwino. Akuti ndizo zimanyamula mungu, ufa wachikasu uja wa m'duwa, kuchoka pa duwa lina kupita pa linzake. Choncho anatipempha kuti banja lililonse lisiye kangodya kamodzi kosapalira, tisapopere mankhwala maluwa atatseguka, ndipo njuchi zikativuta tiitane wodziwa kuzisamutsira mu mng'oma, osaziotcha. A munisipiyo nawonso akuti m'mbali mwa misewu ina azichedwerako kutchetcha mpaka maluwa atayoyoka, ndipo pafupi ndi msika adzalapo kale maluwa.

Anthu anaseka. Bambo wina anati, “Tisiye tchire pakhomo, njoka zitithere ana?” Mayi uja anayankha kuti kangodyako kakhale kakang'ono, kutali ndi khomo, kuzungulira kwake kosesa. Kenako anafotokoza za gulugufe wofiirira uja, wa m'mbali mwakuda ndi timadontho toyera, kuti mbozi zake zimadya zitsamba za mkaka zokha. Akuti kumayiko akutali, kutsidya kwa nyanja yaikulu, kuli mbale wake woyenda maulendo ataliatali, ndipo matauni akuluakulu akumudzalira dala zitsambazo. Pamenepo a Jasinta anandigunda ndi chigongono nkuti, “Iwe Roza, ndiye kuti amako aja anali tekiniko wa zaulimi, ife osadziwa?” Onse anatembenukira kwa ine akuseka. Ine ndinkangoona njuchi zija zili pansi pa mango.

Msonkhano utatha ndinamutsatira mayi uja, ndinamuuza zonse, za moto zomwe. Sanandidzudzule. Anathyola kamtengo nkundijambulira pansi maluwa awiri, lalimuna la kaphesi kowonda ndi lalikazi lokhala ndi kadzungu kunsi kwake. Anati ndizithyola lalimuna m'mawa, kulisenda, nkukhudzitsa mtima wake m'kati mwa lalikazi. “Njuchi mukhale ndinu, mayi,” anatero, “mpaka eni ake atabwerera.”

Nthanga zinatsala zisanu ndi ziwiri. Ndinadzala zonse, botolo lili mbee, phulusa lokha. Zinamera zinayi, imodzi nkhuku za a Jasinta zinafukula. Ndiye mukanandiona, Amayi, mzimayi wamkulu ndi imvi zanga zoyamba, nditagwada m'mame kukwatitsa maluwa. A Jasinta amasuzumira pampanda nkumafunsa ngati ukwati wake udzakhala ndi mphunga. Timaungu tiwiri tinagwa monga kale, kachitatu kanaola ndi mvula. Limodzi lagwira. Linali ngati chibakera, pano lafika ngati mutu wa Madalena, khosi lake lomwe lija. Ndaliyalira udzu pansi kuti lisaole, ndipo ndatchinga ndi minga.

Katchire kanu ndakasiya kamere. Chisoso sichifuna kupemphedwa, chinabwera chokha. Chitsamba cha mkaka chinaphukanso pa chitsa chake, ndipo sabata yatha ndinapezapo mbozi zitatu za mizeremizere zikudya masamba. Kale ndikanaziponda. Gulugufe wofiirira ndamuona kawiri. Zuze atabwera anati pakhomo pakuoneka ngati pa nyumba yopanda mwini, anafuna kutenga khasu. Ndinamuletsa. Anayang'ana kumtengo wa mango, mphako ikadali bii ndi mwaye, ndipo anabwezera khasu pamalo pake. Za tsiku lija sitinakambiranepo, ine ndi iye.

Dzulo ndinalawirira monga mwa masiku onse, duwa lalimuna lili m'manja. Nditawerama pa lalikazi ndinapeza muli njuchi imodzi, miyendo yonse chikasu chokhachokha. Kaya yachokera ku maluwa a kumsika, kaya kwina, sindikudziwa. Si ya m'mango mwathu, m'menemo mulibe kanthu. Ndinabweza dzanja nkuima pambali. Inachedwa, Amayi, inkadya ngati kwawo. Ndinamva minibasi ikuliza hutala kumsewu, ndinaisiya ipite. Sindinalire, musaganize kuti ndinalira. Ndinangoima pomwepo mpaka mlendo atamaliza, ndipo ku malire ndinafika dzuwa litakwera, malo anga ogulitsira atakhalapo wina.

Sindikudziwa ngati dzungu limeneli lifike pokhwima. Kuli mbuzi, kuli mvula, kuli manja a anthu. Paja munkati kuona maso a nkhono nkudekha, ndiye ndikudekha, poti china chochita palibe. Likakhwima palibe alilawe ndisanachotse nthanga zonse. Ndidzaziyanika ndekha, ndidzazithira m'botolo lanu lomwe lija ndi phulusa latsopano, ndipo ndidzauza aliyense wa m'nyumba muno kuti imeneyo ndi mbewu, si yotendera ndiwo. Zina ndidzapititsa ku Majaua kuti zisakhalenso pamalo amodzi. Madalena akadzakula adzazipeza.

Za njuchi zija mundikhululukire. Munazisunga zaka zonse zija osalumidwa, ine ndinazitha ndi mawu amodzi inu muli chigonere m'nyumba. Mphako ndaisiya momwemo, sindinaitseke. Zikadzafuna kubwerera zidzapeza malo, ndipo pakhomo pano sipadzayakanso moto wotero ine ndili moyo.

Mupereke moni kwa abambo ngati mumaonana. Ndimakukondani, Amayi, ngakhale mtima sukundithandiza kumva. Chiluwe ndikuthyola dzuwa litakwera.

Ine mwana wanu,
Rozalina