Singano Yakuthwa Ndine

Mwana wanga wokondedwa,

Uli bwanji kumeneko? Chifuwa chija chinakusiya? Ife kuno tili bwino. Bambo ako bondo likuwavutabe, koma pakamwa pokha mpamoyo.

Ndili ndi mlandu, ndipo ndiunena lero. Zaka zinayi zapitazo ndinatentha mabuku ako kuseri kwa nyumba, poganiza kuti nkhani za zinjoka zamapiko ndi amatsenga zikulowetsa zausatana. Unachoka osanditsanzika, ndipo mpaka pano ukaimba foni umangofuna bambo ako. Zimandipweteka, sindikubisira.

Miyezi iwiri yapitayo azakhali ako anandionetsa tsamba lako la pa intaneti, pomwe umalemba za mabuku oterowo. Ndinalitsegula kuti ndipeze pokudzudzulira. Ndinakupeza ukunyoza buku lina, lonena za mayi amene anatumidwa kukapha chinjoka, iye n'kukachisoka phiko long'ambika. Unati wolembayo anachita mantha, mathero ake ndi ozizira.

Mayi wosoka? Telala ine ndinalephera kuugwira mtima. Ndinakalibwereka ku laibulale, n'kumalibisa pansi pa nsalu za makasitomala kuopa amayi akutchalitchi. Ndinkawerenga makina ali duu, mpaka diresi laukwati la eni ake linachedwa masiku awiri. Iwe, buku limene lija! Ndinalira ngati ndamenyedwa.

Ndiye ndinakuyankha patsambapo ndi dzina loti Singano Yakuthwa. Ndinati sunagwirepo singano iwe, n'chifukwa chake ukuona ngati kusoka chinthu chamoyo, chamano, chokwiya, ndi ntchito ya wamantha. Unandiyankha mwamwano ndithu, kuti ndikawerengenso. Ndinakawerengadi, n'kubwera ndi manambala a masamba ondichitira umboni. Tinakokana milungu itatu, anthu akuonerera.

Lachiwiri lapitali wolemba bukuyo mwiniwake analemba pomwepo kuti Singano ndiye wamva zimene iye ankanena. Ndinavina mushopu tepi ili m'khosi, kasitomala atakweza manja kudikira muyezo! Bambo ako akuti ndayamba matama, ndipo sakunama.

Kenako iwe unalemba kuti wagonja, ndipo ukulakalaka utakumana naye munthu ameneyu kuti mumwe tiyi.

Ndine, mwana wanga. Mayi ako omwe aja a machesi. Ndinatentha zinthu zimene sindinatsegule n'komwe. Ndinalakwa, undikhululukire. Tiyiyo ndavomera, ungonditchulira tsiku, ndipo unalonjeza pagulu, sungathawe.

Undiperekere moni kwa apongozi anga, amuna ako. Mulungu akusungeni nonse. Pobwera unditengere buku lachiwiri la nkhani ya mayi wosoka uja, ku laibulale kuno kulibe.

Ine,
Mayi ako