Mtambo wa nyenyezi ulibe chipani

Lachitatu, Katete. Kwatentha, ndipo mtima wanga wapsa kuposa dzuwalo.

Lero ndinapita kwa a hedi ndi chithunzi changa cha mtambo wa mpweya wa pakati pa nyenyezi, chija ndinajambula kwathu ku Vubwi kumene kulibe magetsi ophimba thambo. Ndimafuna chipachikidwe m'holo pa tsiku la makolo, ana anga a sayansi aone kuti zoterezi zimatheka ngakhale kuno.

Kamera yanga siona mitundu. Imatola kuwala kwa mpweya uliwonse pawokha, ndipo mtundu ndimasankha ndekha pa kompyuta. Haidrojeni ndinamupatsa wofiira, poti ndi mmene amawalira.

A hedi atangochiona anatseka chitseko. "Aphunzitsi, kufiira konseku? Kubwera a khansala. Adzati sukulu yalowa chipani."

Ndinawaonetsa china, chimene haidrojeni yemweyo ndinamuika wobiriwira monga amachitira akatswiri. Anachita kudzuka pampando. "Uwo ndiye mtundu wa chipani chinacho! Mufuna anditaye kusukulu ya kutchire?"

Akuti ndichipange cha khaki, ngati kabudula wa yunifolomu. Bambo wamkulu, wa digiri, kuopa mpweya! Kuwala kumeneku kunanyamuka agogo awo a agogo a khansalayo asanabadwe, kwayenda mtunda wonsewo, n'kudzafika pa Katete kufunsidwa khadi la chipani.

Cha khaki sindipanga. Mawa ndikapachika chofiiracho, ndipo ngati a hedi akufuna kuchitsitsa akwere pampando okha, ana akuonerera. Kungoti makiyi a holo ali m'thumba mwawo…