Achule a Asiyatu m'sitolo ya makasu

Lolemba, tsiku lotsegulira teremu. Kwatentha, ndipo mtima ukundiwira mpaka pano.

Ndafika kusukulu m'mawa, beseni la achule palibe pakhonde. Achule amene Asiyatu wa Fomu 3 walera kuyambira ali ambululu, oti apite nawo kumpikisano wa sayansi kuboma. Ndawapeza m'sitolo ya makasu, mopanda windo. Holide yonse! Alonda amawaponyera chiswe ndithu, koma miyendo yapindika, nsagwada zafewa, sakudumpha n'komwe.

Ahedi akuti analamula ndi iwo, poti makolo ena akunena kuti mphunzitsi wobwerayu, kutanthauza ine, akuweta achule, ndi zaufiti. Ndawafotokozera ahediwo ngati ndikuuza mwana: popanda dzuwa khungu silipanga vitamini D, popanda vitaminiyo matumbo satenga kashiamu ndi fosifeti m'chakudya, ndiye thupi limakazichotsa m'mafupa kuti zisasowe m'magazi. Angoseka. "Madamu, kagwireni ena kudambo. Oweruza adziwa bwanji?"

Asiyatu sanalire. Wanyamula mmodzi m'manja, n'kundifunsa ngati mafupa amawongokanso. Ndayankha kuti tiyesa dzuwa la m'mawa, koma sindinamuyang'ane kumaso.

Mawa beseni ndikaliika pakhomo pa ofesi ya ahedi, mpomwe dzuwa limayambira. Ahediwo azilidumpha, iwo miyendo ili bwinobwino.