Mwendo Wofiira wa Bambo

Quartzsite, Arizona
Januwale

Mlongo wanga Wendell,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu anga a Marcy ndi ana. Chifuwa chija chinakusiya? Kuno kuchipululu tilipo, dzuwa likuwala tsiku ndi tsiku, koma ine ndakwiya kwabasi, ndipo wandikwiyitsa ndiwe.

Tinafika bwino ndi kalavani ya malemu bambo athu a Arvid. Alamu ako a Dwight anaiimika pamalo pathu pakale, pafupi ndi anthu a ku Alberta aja. Tsiku lomwelo amayi atati atsike, masitepe ananepa pansi pa phazi lawo, kalavani yonse n'kugwedera. Paja masitepe amenewa amangolendewera m'malere. Anagwira chitseko mwamphamvu n'kubwerera m'kati, ndipo mpaka lero sanapondepo dothi la Arizona.

Tinafunafuna mwendo wachitsulo uja bambo anawotcherera okha kuti uzichirikiza sitepe yapansi, uja anaupaka penti yofiira kuti asamauiwale ponyamuka. M'kabokosi kake munali mbee. Ndinawalalatira a Dwight mpaka mawu kusasa, ndimati anausiya pamene tinagona ku Nebraska. Munthu wosalakwa ankangokanda m'mutu.

Anayesa kuikira matabwa, koma ankaterereka pamiyala. Anayesa jeke ya galimoto. Kenako anapita kumsika wam'matenti uja n'kugula mwendo watsopano wonyezimira, n'kuupotokola mpaka sitepe inalimba gwa. Anakwerapo n'kumadumphadumpha, anthu a ku Alberta akufa nacho chiseko.

"Amayi, taonani! Ine ndi chimimba chonsechi, koma sizikugwedera ayi!"

"Tsikanipo mungathyoke, apongozi," anatero amayi ali pazenera. "Umenewo si wa Arvid."

Ndawanyengerera, ndawakalipira, ndalira. Akuti chiwapangireni opaleshoni ya m'chiuno ija miyendo yawo saikhulupiriranso, ndipo sangaponde pa chitsulo chimene sakuchidziwa. Ukudziwa wekha kuti akakana, akana.

Ndiye Lamlungu a Marcy atumiza chithunzi pafoni. Iwe waima pa ayezi panyanja youndana ndi chisanu, mano onse pamtunda, nsomba m'manja. Kumbuyo kwako kanyumba kako kowedzeramo, ndipo pansi pa khomo pake kanthu kofiira. Ine sindinakaone n'komwe. Anakaona ndi amayi, ndi maso awo ofooka omwewo.

Wendell, unalowa m'kalavani ife tikulongedza, n'kutenga mwendo wa bambo osauza munthu, kuti uzikapondapo ndi anzako omwa nawo mowa? Njerwa zinatha ku Minnesota konse? Unalipo pamene dokotala ananena kuti amayi aziyenda tsiku lililonse, apo ayi miyendo iuma. Tinawachotsa kozizira n'kudutsa nawo dziko lonseli kuti aziyenda padzuwa, lero dzuwalo akuliona pagalasi ngati wandende. Mapazi ayamba kutupa. Anzawo amene ankasewera nawo makadi pansi pa mthunzi amabwera kudzawapatsa moni pazenera, iwo n'kumanama kuti ali ndi chimfine.

Chimene chandiswa mtima n'chakuti dzulo anandifunsa za nyumba yosungira okalamba ija unkainena chaka chatha. Akuti mwina unkanena zoona. Amayi omwe aja analumbira kuti kumeneko adzalowako atafa!

Pempho langa ndi limodzi. Ukangowerenga kalatayi, pita kunyanjako, ukazule mwendowo ngakhale utaundana, ukautumize tsiku lomwelo. Usadikire kuti nyengo yowedza ithe. Usandiimbire foni kuti ufotokoze, sindiyankha. Ndipo usayerekeze kugula wina n'kuupaka penti yofiira, adzaudziwa. Ukachedwa, adzakhala atasiya kuyenda, ndipo kunyumba ya okalambako udzawaperekeza ndiwe wekha, ine sindidzakhalapo.

Undiperekere moni kwa alamu anga a Marcy, uwauze kuti ndathokoza chifukwa cha chithunzi. Moni kwa ana, kwa azakhali a Inga ndi kwa amalume a Roy. A Dwight akuti moni, ndipo akudikira kuti uwapepese.

Amayi nawo akupereka moni. Andiona ndikulemba ndipo andichonderera kuti ndisakuvute. Akuti ndikusiyire mwendowo, poti pa ayezi m'poterera, mwana wawo angagwe.

Ndine mlongo wako wokwiya,
Lorna